Khomo 8000 linali ndi mwini wake

...ayi iwe Princess dikira kaye kkkk za diresi ndikuuza mawa. ndikuti ababa ANABWERA. kusukulu. mu kalabu mwenimweni. anakhala pa benchi ya ana a Fomu 1 mawondo kufika pachifuwa kkkkk

chabwino ndiyambe bwinobwino, iwe uli ku Kasisi uko sudziwa kanthu za kuno ku Ngabu.

Lachinayi lililonse tikaweruka timakhala ndi kalabu ya makompyuta. makompyuta ndi dzina chabe msuweni, ilipo laputopu IMODZI, anthu tilipo 19. amatiphunzitsa Madamu Geresomo a masamu, anapita ku maphunziro a masiku asanu ku Blantyre nkubwerako ndi laputopuyo ndi kabuku kamodzi. ndiye laputopuyo batani lake loyatsira linamira mkati chaka chatha. ikangozima basi, mpaka aitengere kwa okonza mafoni kumsika akaitsegule mimba, ndipo kumeneko imakagona sabata. ndiye Madamu anamata pepala pamwamba pake analembapo ndi cholembera cha maka OSAZIMITSA. OSATSEKA ZA MNZAKO. tikamaliza timangoivundikira igone, nkukaiika ku ofesi pa batire ya sola. limenelo ndiye lamulo lalikulu kuposa a hedi kkk

tsopano vuto. amayi ena a kuseri kwathu anakauza amai kuti ku kalabu timangoonera mafilimu. MAFILIMU. pa laputopu yoti ukatsegula zinthu ziwiri imalira ngati chigayo. amai anauza ababa. ndipo ukudziwa ino ndi nyengo yotola thonje, munthu aliyense wa manja awiri akufunika kumunda. Lamulungu tikudya ababa anangoti

"Otilia. Lachinayi ndikubwera ndi ngolo kudzasiya thonje, ndidzadutsa kusukulu kwanuko. ndikapeza zoseweretsa, basi, Lachinayi uziweruka nkulunjika kumunda ngati anzako."

ndipo umawadziwa malume ako, sabwereza mawu. akati basi ndi basi.

ine mtima phaa. koma kenako ndinati ayi, ndiwaonetsa seva yanga.

seva ndikuuze, usachite manyazi nanenso sindimadziwa kkk. ndi kapulogalamu kamene kamangokhala pakhomo kudikira. wina akagogoda kamampatsa tsamba loti awerenge. makomo ake ali ndi manambala, pachingerezi amati port, ndipo kuti kakhale pakhomopo umalemba mzere wa bind. masabata atatu apitawo Madamu anatilembera pa bolodi mizere 14 ya Python, chilankhulo cha kompyuta, tonse tinakopera mu kope mmene timakoperera manotsi a jogirafe, osasiya ngakhale kadontho. khomo 8000. tsamba lake limangoti Moni Fomu 3. ndiye aliyense amabwera pa nthawi yake, kutayipa, kudinda enta pa windo yakuda yoyatsira mapulogalamu, kenako kutsegula burawuza yoonera tsambalo. Madamu amasuzumira, akaona Moni Fomu 3 amakuchonga ndi cholembera chofiira, wotsatira! chifukwa anthu 19 laputopu imodzi palibe zocheza. tonse tinakhoza. inenso ndili ndi chongi changa chachikulu.

koma ndinaganiza kuti ababa kuwaonetsa Moni Fomu 3 angoti nanga ine ndili Fomu 3? kkkk ndiye Lachitatu pa buleki ndinapempha laputopu nkusintha tsamba. ndinalemba moni wa Chisena, dzina lawo, ndi mayina a ng'ombe zawo zonse ndi chaka chimene iliyonse inabadwa. belu linalira ndisanayese. ndinati aaa palibe kanthu, seva yanga inakhoza kale.

eee.

Lachinayi cha m'ma 3 tikumva ngolo kwekwekwe panja. mnzanga Witness amene timakhala limodzi pa desiki anasuzumira pawindo nkuti "iwe Oti, apongozi a munthu afika" ndinamutsina. ababa anamangirira ng'ombe pa mtengo wa nimu, analowa chipewa m'manja, thonje lili m'tsitsi lili m'ndevu. Madamu anawalonjera bwinobwino, bambo Kaitano takulandirani khalani apa. iwo anati zikomo amayi aphunzitsi sindikhalitsa, ng'ombe sizinamwe.

ndinakhala pa laputopu ngati wa ku banki. ndinatayipa python3 otilia.py, enta. panatuluka zolemba zachingerezi mizere ingapo, zimene zimatuluka nthawi zonse, sindinaziyang'ane nkomwe. ndinatsegula burawuza nkuitembenuzira kwa ababa ndikumwetulira mano onse panja.

Moni Fomu 3.

ndinati dikirani. rifureshi. Moni Fomu 3. rifureshi rifureshi rifureshi. Moni Fomu 3!!! Princess ndinatsegula fayilo yanga, mawu amenewo MULIBE. ndinawafufuta ndekha ndi zala zangazi. muli ng'ombe zokhazokha. nanga akuchokera kuti??

ababa anati "ndi zimenezi?"

"ayi baba sizimenezi, zikubwera"

kumbuyo wina anati ufiti kkkk Madamu anamuyang'ana moopseza.

Madamu anabwera nkuona fayilo yanga. "wasintha za pa bolodi?"

"tsamba lokha Madamu"

"ndiye waona. anzako onse zinatheka chifukwa anakopera mmene ndinalembera. iwe wapita patsogolo ndiye wasokoneza."

ababa anagwedeza mutu pang'onopang'ono, kugwedeza kuja kwa ndinadziwa ine. "kunyumba nakonso ndi chimodzimodzi amayi, ukamuuza ichi amachita chake."

eish. maso anayamba kutentha. ndinati ndisalire pamaso pa anyamata a Fomu 3, bola kufa. ndinayang'ana pansi, ndipo poyang'ana pansipo ndi pamene maso anagwera pa windo yakuda ija, mzere womaliza. kwa nthawi yoyamba pa moyo wanga ndinauwerenga

OSError: [Errno 98] Address already in use

ndinanong'oneza Witness, iwe, mawu awa amatulukanso kwa iwe? anati eya amatuluka kwa aliyense, si ndi mmene imalankhulira ikamayaka? kkkkkk MMENE IMALANKHULIRA IKAMAYAKA

ndinagwada. inde ndinagwada pa simenti pamaso pa kalasi yonse. "baba ndibwerekeni foni yanu mphindi ziwiri." anandiyang'ana, anaitulutsa mu kapulasitiki kamene amaisungira kuopa thukuta. "bandulo yanga usaimalize." ndinakopera mawu aja mu foni nkufufuza, netiweki ikukwawa ngati kamba, ababa akuyang'ana ng'ombe pawindo. kenako zinatseguka. ine ndi Witness mitu pamodzi kuwerenga chingerezi cha anthu a kunja. zimene tinamva ndi izi, khomo limodzi silikhala maseva awiri. ukafuna kukhala pakhomo loti pali kale wina, kompyuta imakukaniza, seva yako imafa pomwepo isanayambe nkomwe. ndiye kuti pa 8000 panali munthu kale! ndipo munthuyo ndi amene amatiyankha Moni Fomu 3.

anthu a kunjawo anaikapo ndi mawu oti utayipe uone wakhalapo ndani. ndinatayipa ss -ltnp, inandipatsa nambala ya pulogalamu imene yagwira 8000. ndinatayipa enanso oonetsa dzina la fayilo ndi tsiku limene inayamba. enta.

chitsanzo_madamu.py

kuyambira masabata atatu apitawo.

Princess. PRINCESS. ndinamva kuzizira mu Ngabu muno.

tsiku loyamba lija Madamu anayatsa yawo kutionetsa chitsanzo, nkuitsitsa pansi windo yake. laputopu sizimitsidwa. za mnzako sizitsekedwa, nanji za Madamu ndani angakhudze. ndiye yakhala ili pakhomo paja masabata atatu, kugona nkudzuka ndi laputopu, kumayankhira aliyense. ife 19 tonse maseva athu amafa pobadwa, koma chifukwa tonse tinakopera mawu amodzimodzi, khomo limodzimodzi, palibe anadziwa kkkkkkk

Witness anandigwira mkono zolimba. "usanene. apa alemba kuti ukhoza kungosintha nambala, ika 8001 zitheke, usanene Oti tifa."

ndipo amanena zoona, ndikanatha kungosintha. koma ababa anali atamva kale kuti ndine wosokoneza. zikanatheka akanati Madamu amukonzera. ndinaimirira, manja kumbuyo, mawu akutuluka ang'onoang'ono ngati a mwana wa mphaka

"Madamu pepani. sindinasokoneze. seva yanga ikukanika chifukwa pakhomo pali yanu."

"yanga?"

"imene munayatsa tsiku loyamba. sinazime. Moni Fomu 3 amene timaona tonse uja ndi wanu."

ababa anadzuka pa benchi. "Otilia! aphunzitsi sauzidwa choncho. pepani amayi, mwanayu ndikalankhula naye kunyumba."

Madamu anakweza dzanja. "ayi bambo Kaitano musiyeni kaye. tandionetsa."

ndinawaonetsa dzina la fayilo. ndinawaonetsa tsiku. anavala magalasi. anayang'ana nthawi yaitali moti ndinayamba kuganiza za thonje, kuti chabwino mwina kumunda sikoipa kwenikweni, kuli mphepo. kenako anatsegula mawindo amene anatsitsidwa pansi aja imodziimodzi, alipo ngati makumi atatu chifukwa palibe amatseka, mpaka anaipeza. ili phee, mizere yambirimbiri, aliyense amene anagogoda masabata atatu onsewa yamulemba.

Madamu anavula magalasi. anayang'ana cholembera chawo chofiira. anati

"ndiye kuti ine ndakhala ndikudzichonga ndekha ka 19?"

kalasi inaphulika. Madamu anaseka mpaka anakhala pa desiki akupukuta misozi ndi chitenje, akuti mayo ine, ndipo ndimadzipatsa bwino. wina kumbuyo akukuwa Madamu mwakhoza zonse! Witness anagwera pansi pa tebulo. ababa okha sanaseke, amangoyang'ana uku ndi uku osadziwa ngati ndalakwa kapena ayi.

Madamu anati lero lokha lamulo tiliphwanya, ndipo yanga nditseka ndekha. anadinda Ctrl C nkuizimitsa. "khomo ndi lako mayi, lowa."

ndinayatsa yanga. enta.

Address already in use

AAAAA. Princess ndinafuna kuluma laputopu. Madamu nsidze m'mwamba. ababa anavala chipewa. ukudziwa akavala chipewa nkhani yatha.

"ng'ombe zili ndi ludzu. tiye."

Witness mtsikana wa Mulungu anali akuwerengabe pa foni. anakuwa "dikirani! alemba apa! akuti ukangotseka kumene khomo limakhalabe logwidwa ngati mphindi imodzi, kudikira ngati pali mawu otsalira m'njira!" ndiye chifukwa chake ndi ma rifureshi anga aja kkk ndinagogoda kwambiri.

"baba mphindi imodzi yokha. imodzi. ndapota nanu."

sanatuluke. anaima pakhomo la kalasi nkuyang'ana wotchi ya pakhoma, imene inafa kalekale koma sindinawauze kkkk. anthu anayamba kuwerenga mokweza, wani, thuu, fili, kalasi yonse, ngakhale Madamu. ine mmalo mowerenga ndimatayipa mzere wina umene Witness amandiwerengera chilembo chimodzichimodzi, wa SO_REUSEADDR, woti ulendo wina ndikazimitsa nkuyatsanso isadzandidikiritsenso. atafika sikisite ndinati ayi onjezani teni, sindikufuna manyazi kawiri. sevente. enta.

palibe chinatuluka.

kalikonse. kamzere kakungophethira.

ndinati yafanso. Madamu anati ayi mwana iwe, ku maphunziro kuja yanga imatero, ikakhala chete ndiye kuti ikumvetsera! tsegula burawuza!

MULI TANI BABA KAITANO. ndi ng'ombe zonse pansi pake.

tinakuwa!!! ine ndinalumpha mpaka benchi inagwa. ababa anabwerera pang'onopang'ono, anawerama, akuwerenga ndi milomo. kenako anati

"aa. izi walemba mu makina omwewa nkuzionanso mu makina omwewa. nanga chodabwitsa nchiyani? ngakhale pa bolodi ukhoza kulemba."

eee ababa amenewa. koma ndinali nditakonzekera. ndinati dikirani muzione mu foni YANU. ndinayatsa hotisipoti pa foni yawo, ndinalumikiza laputopu, ndinafunsa laputopu adiresi yake, inandipatsa 192.168.43 ndi kanambala kena. ndinatayipa mu foni nkuwonjezera 8000. ndinawapatsa ndi manja awiri.

yakana. akuti tsambali silikupezeka.

Witness anati Oti lero unadzuka ndi mwendo uti kkkk

koma ulendo uno sindinachite mantha, sindikudziwa chifukwa chake, mutu unali utatentha bwino. windo yakuda sinadandaule kanthu, ndiye kuti seva ili moyo, koma foni ikagogoda siikumva. ndinabwerera pa mzere wa bind uja. pa bolodi tinakopera 127.0.0.1. ndinafunsa Madamu kuti nambala imeneyi ndi ya chani. anatsegula kabuku kawo nkuwerenga, akuti imatanthauza kompyuta ino yomwe. ndiye ndinati ohoo! ndaiuza kuti izimvera a m'nyumba okhaokha! wa panja ngakhale agogode mpaka mawa! Madamu anatembenuza tsamba la kabuku, kuseri kwake kunalembedwa kuti ukafuna imvere mbali zonse uike 0.0.0.0. anati taonani, tsamba ili ku Blantyre kuja tinalidumpha tsiku limene kunabwera nkhuku yankhomaliro kkkkk

ndinasintha. ndinazimitsa, ndinayatsanso, ndipo chifukwa cha mzere wa Witness uja inayaka pompo osadikira. ndinati baba dindani apa.

anadinda ndi chala chawo chachikulu chija.

Princess nkhope yawo. sindidzaiwala. anaiyandikitsa foni, anaitalikitsa, anayang'ana kuseri kwake ngati pali waya. dzina lawo lili mu foni mwawo, ng'ombe zawo zili mu foni mwawo. ndipo pa windo yakuda panatuluka mzere woonetsa kuti foni yawo yagogoda. ndinawaonetsa, awa ndi inu. anadindanso, mzere wina. anadindanso. anadinda kasanu ndi kawiri ndinawerenga kkkk akuyang'ana foni, akuyang'ana laputopu, foni, laputopu.

anakhalanso pa benchi paja. anavula chipewa. anayamba kuwerenga bwinobwino tsopano, Sitima, Dona, Chidakwa, mpaka anaima.

"apa wanama."

ndinasuzumira pa foni.

"Chidakwa si wamkulu kwa Dona. Dona anabadwa chaka cha madzi, Chidakwa pambuyo pake. ndipo apa walemba mwana wa Dona, mwana wa Dona, alibe dzina? ndi Mafuta ameneyo. mwana wanga weniweni osadziwa khola la kwawo."

kalasi ikuseka. ndinati pepani baba, dikirani. ndinakonza zaka, ndinalemba Mafuta, kuzimitsa, kuyatsa. dindaninso.

anadinda. Mafuta.

anaseka kamodzi, kaphokoso kaja ka m'mphuno, nkunena mwa Chisena kuti pyadidi, kutanthauza zabwino. ababa kunena pyadidi!! chibadwire ndinamva kawiri kokha, ndipo kamodzi amauza ng'ombe.

anafunsa Madamu kuti ndiye vuto lija analipeza ndi mwanayu yekha? Madamu anati bambo, ana 19 ndi mphunzitsi mmodzi tinaliyang'ana masabata atatu osaliona. ndipo sabata yamawa onsewa abwereza, aliyense khomo lakelake, tsamba lakelake, ndipo woyang'anira windo yakuda akhala Otilia. ngati mungatibwereke.

ine maso onse pa ababa.

ababa anaika foni mu kapulasitiki kake, anapinda bwinobwino, anaika m'thumba. anaimirira. anafika mpaka pakhomo, ine ndikungoti Ambuye Ambuye. kenako anatembenuka

"Lachinayi likubwerali uikemo ndi mbuzi. ndikulembera mayina, usanamenso. koma Loweruka m'munda ndiwe woyamba kulowa."

NDATSALA MU KALABU MSUWENI!!!! ndinathamanga kukawamasulira ng'ombe, ndinakwera ngolo ndi yunifomu, njira yonse ndikungoseka ndekha ngati wamisala, ababa akuti khala bwino ugwa. pa mjigo pomwetsa ng'ombe anakumana ndi a Lorenso a ku tchalitchi, anatulutsa foni kuti awaonetse, tsamba osatseguka chifukwa laputopu yatsala kusukulu kkkkkk ndinawafotokozera kuti seva ili kutali, iwo anangouza a Lorenso kuti makinawo apuma kaye, mudzaona Lachinayi.

titafika kunyumba ndinabwerekanso foni nkulembera Molly, mnzathu wa mu kalabu amene anajomba chifukwa anapita ku ukwati ku Ndamera. ndinamuuza zonse mmene ndakuuzira iwemu. taona zimene wayankha, ndakopera osasintha

"iwe Oti usandiuze. ndiye kuti seva yanga sinayakepo olo kamodzi??? ine ndauza ukwati wonse kuno kuti ndinapanga intaneti, amalume mpaka anandiimiritsa pa maiki. usauze munthu. Lachinayi undisungire khomo labwino"